Mbewu Yachitatu

Kuno ku Kanakantapa munthu akati "chaka chija", palibe amene amafunsa kuti chiti. Ndi chaka chimene mvula inatinyengerera mu Disembala n'kutithawa mu Januwale, chimanga chili pafupi kumasula. Ena amachikumbukira ndi mbuzi zimene anagulitsa motaya, ena ndi timapaketi ta unga tija timati pamela. Ine ndimachikumbukira ndi funso limodzi limene ndinafunsa mkazi wanga Nabanda, amake Lute, iye n'kundiuza kuti ndidikire nthawi yokolola. Padutsa madzinja awiri tsopano, koma mkaziyo ndimamusowabe. Ndanena poyambirira pomwe, kuti musadabwe mukaona nkhani ya mvula ikungobwerera kwa iye.

Okutobala

Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo pakamwa ndili napo, izi sindibisa. Tinabwera kuno kuchokera ku Katete tili achinyamata, titamva kuti kuli malo olima. Ine ndinapeza munda ndi guwa lolalikirapo. Nabanda anapeza munda ndi ngozi. Chaka china anagwa pa ngolo ya ng'ombe, fupa la m'chiuno n'kulumikizana mokhota, ndipo kuyambira pamenepo sankatha kuwerama nthawi yaitali kapena kuyenda mtunda. Tchalitchi chathu chili kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa ola lathunthu wapansi, choncho iye anasiya kupita. Njinga ndinali nayo, koma ndinkanyamuka m'mamawa kuti ndikakhale pa msonkhano wa akulu a mpingo mapemphero asanayambe.

Munda waukulu wakumtunda unali wanga, wodikira mvula ndi ng'ombe zaganyu. Kamunda ka kuseri kwa nyumba, kotsetserekera kudambo, kanali kake. Iye ankalima gamphani, ulimi uja wokumba timaenje nthaka ikadali youma, n'kuthiramo manyowa, kuti mvula ikagwa madzi azikhala m'dzenjemo. Anthu ena amakumba choimirira ndi khasu lalitali. Nabanda ankayala thumba lakale pansi, n'kugwadapo, n'kumakumba ndi kakhasu ka mpini waufupi. Dzenje likatha, kukoka thumba, kugwadanso. Dzuwa la Okutobala mumalidziwa, nthaka inali ngati njerwa.

Tsiku lina ndinamupititsira munkoyo, thobwa la kuno, m'kabotolo, ndipo ndinamupeza milomo ikuyenda.

"Mulankhula ndi ndani, Nabanda? Ndi nyerere?"

"Nitchula maina," anatero osadzutsa mutu.

"Maina a ndani?"

"Uno ni mzere wa Lute. Dzenje lililonse nimuika m'manja mwa Mulungu. Ku mayadi a ku Silverest kumene asewenza kuja ine sinifikako."

Lute ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, amagwira ntchito ya m'nyumba kwa olemera a ku Silverest, kufupi ndi Lusaka. Ndinaseka, koma ndinakhala pachulu kuti ndimve zambiri. Anandiuza kuti mizere ilipo khumi ndi iwiri, ndipo uliwonse uli ndi mwini wake: wa abusa, wa mlongo wake wa ku Katete, wa mayi wina amene anapita padera, ndi ena otero. Kenako anatchula bana Esinati.

"Bana Esinati a kachasu aja?"

"Omwewo."

Bana Esinati ndi mayi wamasiye wa pafupi nafe, mbadwa ya konkuno. Amatcheza kachasu, kutchalitchi sapondako, ndipo mbuzi zawo zinali zitandidyera mbande kawiri. Akandiona pa njinga amakuwa kuti "Ba elda, mutipemphereleko!" n'kumaseka.

"Chabwino," ndinatero. "Nanga ine mzere wanga uli kuti?"

"Mudzauona pokolola, atate ake Lute."

Ndinafunsa mwanthabwala. Iye anakoka thumba lake n'kugwada pa dzenje lina.

Novembala

Chimene chinandiwawa si maina. Ndi mawu a anthu. Njira ya kuchigayo imadutsa m'mbali mwa kamundako, ndipo aliyense wodutsa ankamuona atagwada. Anthu anayamba kunong'ona kuti mkazi wa mkulu wa mpingo ali ndi tchalitchi chakechake kuseri kwa nyumba. Mkulu mnzanga wina anandifunsa pamaso pa ena kuti, kodi amayi kumunda amatha bwanji pamene kuno satha? Ndinaseka nawo, koma kumaso kunandiyaka.

Sabata yachiwiri ya mweziwo inali nthawi yanga yolalikira. Mawu anandikomera tsiku limenelo, ndipo ndinafika pamene sindinayenera kufika. Ndinati, "Abale, masiku ano kuli anthu amene maondo awo ndi olimba pogwadira chimanga, koma pogwadira Mulungu ndi odwala." Sindinatchule dzina. Koma amayi onse anatembenukira pa benchi pamene Nabanda ankakhala kale, ndipo ena anati amen mokweza.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza madzi osamba m'manja ali pamalo pake, chakudya chovundikiridwa bwino.

"Namva kuti mwalalikira bwino," anatero.

"Wakuuzani ndani?"

"Amene anamva."

Basi. Sanakweze mawu, sanalire. Lolemba anachapa malaya anga oyera olalikirira, n'kuwasita ndi simbi ya makala monga mwa nthawi zonse. Ndikadakonda akadanditukwana. Ndinafuna kupepesa, koma ndinadziuza kuti mlaliki sapepesa chifukwa cha ulaliki. Funso langa lija silinalinso nthabwala. Ndinayamba kudzifunsa ngati mkazi amene ndamuchititsa manyazi pagulu angathe kutchulabe dzina langa pamaso pa Mulungu.

Mvula yoyamba inagwa Lachitatu la sabata yomweyo. Lachinayi ine ndinapita kukathamangitsana ndi eni ng'ombe, amene aliyense anali kuwafuna tsiku lomwelo. Nabanda anabzala. Womuthandiza kunyamula chitini cha mbewu ndi kukwirira anali bana Esinati. Nditabwera madzulo ndinawapeza akusamba miyendo pa mjigo, akuseka ngati atsikana. Mbewu anaika zitatu pa dzenje lililonse.

Disembala

Mwezi umenewu unali wokoma, ndipo n'chifukwa chake umawawa kuukumbukira. Ng'ombe zinafika kwa ine mochedwa, ndinabzala pamene chimanga cha Nabanda chinali kale m'maondo. Koma dziko lonse linali lobiriwira. Tinkadya bowa, masamba a maungu amene timati chibwabwa, ndi mango ogwa okha.

Ndinayamba kumuyang'anitsitsa mkazi wanga, chinthu chimene sindinachite kwa zaka zambiri. Ndinaona kuti akamatsegula chitseko m'mawa amati "zikomo", pamene panja palibe munthu. Akamapungula unga amayamba wasamba m'manja. Akamasesa amasuntha mtondo ndi kusesa pansi pake, pamene palibe adzayang'anapo. Mlendo akabwera, kapu yosang'aluka imapita kwa mlendo. Tsiku lina ndinamufunsa kuti zikomo wa pachitseko uja amapita kwa ndani.

"Kwa amene watidzutsa," anatero. "Inu mumuuza Lamulungu. Ine nimuuza pamene namuonera."

Ndinafuna kumuyankha ndi vesi, koma anali atatuluka kale ndi chidebe.

Januwale

Mvula inadula pakati pa mwezi. Sabata yoyamba tinati ikupuma. Yachiwiri tinayamba kuyang'ana kumwamba tikamayenda. Mitambo inkasonkhana cha ku Kasisi masana, kuda bii, kenako kamphepo n'kuimwaza. Masamba a chimanga changa anapotana ngati anyezi.

Mpingo unalamula kusala kudya masiku atatu, ndipo tinakwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi kukapempha mvula. Wotsogolera ndinali ine. Ndinafuula mpaka mawu kusasa. Potsika tsiku lachitatu kumwamba kunali mbee.

Nabanda masiku atatuwo anali kumweta udzu m'mphepete mwa dambo, chokwawa, n'kumauyala pakati pa mapesi kuti nthaka isapse. Milomo ikuyendabe. Chimanga chake chinafota masana koma m'mawa chinkadzuka.

Apa ndiulule chopusa chimene ndinachita. Ndinayamba kuwerenga mizere mwakachetechete, ndikumvetsera dzina limene akutchula ndikamadutsa. Khumi ndi umodzi ndinaipezera eni ake. Unatsala wotsiriza, wa kumunsi kwenikweni pafupi ndi chinyontho, wobiriwira kuposa yonse. Ndinati mumtima, uwu ndiye wanga, mkazi wandisungira wabwino. Ndinkauyendera m'mawa ngati ndikuyendera mwana wa kusukulu yogonera. Kenako tsiku lina bana Esinati anaima panjira n'kukuwa, "Amake Lute, laini yanga ya kunsi ija ikula bwanji?" Ndinawerenganso, ndipo ndinapeza kuti mzere wina ndinauwerengera bana Esinati molakwa. Unali wa mphwake wa Nabanda. Mizere khumi ndi iwiri, maina khumi ndi awiri, langa palibe.

Febuluwale

Njala ya chaka chija inabwera ndi nkhope ziwiri. Ya m'mimba inali ya masiku onse ya Febuluwale, imene timaidziwa. Yoopsa inali ya m'maso, kuona munda ukufa n'kudziwa kuti Meyi sadzabweretsa kanthu. Mtengo wa thumba la unga unkasintha sabata iliyonse, mpaka anthu anasiya kufunsa za thumba, n'kumagula pamela wa tsiku limodzi. Amene anali ndi chimanga chakale anachibisa. Chigayo chinkakhala chotseka tsiku lonse chifukwa cha kuzima kwa magetsi, ndipo chikalira anthu ankathamanga ndi timiphika kukapempha gaga.

Mphekesera ndiye zinali zokhutitsa. Ati kukubwera chimanga chachikasu cha kunja. Ati akulemba maina kusukulu. Ati alemba kale, koma a okalamba okha. Amuna ambiri anapita kukaumba mabuloko ku mapuloti a ku Silverest, ena analowa m'tchire kuotcha makala. Mbuzi zinkakwera maminibasi kupita ku Lusaka zili zomangidwa miyendo. Zanga ziwiri zinapita mwezi womwewo.

Tinkadya kamodzi, dzuwa likapendeka. Ndinazindikira mochedwa kuti mbale ya Nabanda inkachepa kuposa yanga. Tsiku lina tikudya ndinati, ndi mwayi kuti kamunda kanu kagwira, katifikitsa pena.

"Kamunda si kathu tokha," anatero. "Mzere uliwonse udzapita kwa mwini wake."

Ndinaika nthongo pansi. "Mwati bwanji?"

"Sin'ngatchule munthu miyezi inayi kwa Mulungu, ndiye pokolola nimuiwale. Pamenepo ninali kunama."

"Ndiye ife tidzadya maina? Mudzapatsa wotcheza kachasu mzere wabwino, mwamuna wanu n'kumanyambita khasu?"

"Simudzagona ndi njala, atate ake Lute."

"Ine mzere ndilibe. Ndawerenga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kuseka, ngatinso akufuna kulira. Kenako anati, "Idyani, zizizira." Ndinatuluka osamaliza. Tsiku limenelo ndi pamene ndinaona kuti mapazi ake atupa, koma mkwiyo unandiletsa kufunsa.

Malichi

Mvula inabwerako pang'ono, yothirira manda a chimanga. Munda wanga wonse unali utauma uli chiimire, wopanda ngakhale chitsononkho. Wa Nabanda unabereka tizitsononkho tating'ono, tina ngati chala chachikulu, tina tokulirapo.

Kutupa kunakwera mpaka m'maondo, ndipo akayenda kuchoka pakhomo kufika pankhokwe ankaima kupuma. Kugwada kunamukanika. Tsiku lina m'mawa ndinamanga pilo pa kaliyala wa njinga, ndinamukweza, tinauyamba wa kukiliniki. Njira ya kukiliniki imaoloka mtsinje n'kudutsa pakhomo pa tchalitchi chathu. Anali wopepuka kumbuyo kwanga, atandigwira malaya. Tikudutsa pa tchalitchipo anayang'ana khomo, mawindo, ndi mtengo wa mango umene anabzala yekha kalekale.

"Wakula," anatero. Tinayenda pang'ono, ndipo anawonjeza motsitsa mawu, "Kani njingayi itha kunyamula anthu awiri."

Sananene mondinyoza. Ananena ngati munthu amene waona chinthu chatsopano. Ine ndinangopalasa, maso ali panjira, koma njirayo sindinkaiona bwino. Zaka zonsezo ndinkadzuka m'mamawa kuthamangira msonkhano, kaliyala ali wopanda kanthu.

Epulo

A kukiliniki anati ndi mtima, ndipo anatitumiza kuchipatala ku Lusaka. Lute anapempha masiku kuntchito n'kudzakhala nafe. Nabanda anagona kumeneko masabata awiri. Ngakhale ali pabedi ankapinda bulangete lake bwinobwino, ndipo amene ankakolopa m'chipindamo ankamuthokoza ndi dzina lake.

Tsiku lina masana ananditchulira mizere yonse kuyambira kumtunda, kuti ndisasokoneze. Lute analemba pa chikuto cha buku la kuchipatala.

"Za kagawidwe mukafunse bana Esinati," anatero. "Analipo pobzala."

"Ine ndikafunse nzeru pa bwalo la kachasu?"

"Mukafunse chabe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za ulaliki uja. Mawu anali okonzeka, ndinali nditawakonza m'minibasi. Koma pabedi lapafupi panali alendo, ndipo ndinati ndidzanena mawa kukakhala bata. Mawa lake ndinatsika kukagula nthochi pageti. Pobwera ndinapeza Lute ataima pakhonde, chitenje chili kukamwa.

Nabanda tinamuika kuno, kumtunda kwa dambo. Pamaliro anthu anadzaza, ena amene sindinkadziwa n'komwe kuti ankamudziwa. Abusa anandipempha kuti ndinene mawu. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakana.

Meyi

Ndinakolola ndekha. Kwa bana Esinati sindinapite. Ndinati mkazi wanena kuti mzere uliwonse upite kwa mwini wake, upita, wonse, mpaka njere yotsiriza. Sindinganame kuti ndinachita ndi mtima woyera. Ndinachita ndi chisoni chosakaniza ndi mkwiyo, ngati mwana amene wamanidwa n'kukankha mbale. Mzere uliwonse ndinauthira m'thumba lakelake. Ena anadzaza theka, ena osafika. Ndinamanga pa njinga n'kumagawa khomo ndi khomo, la ku Katete ndinatumiza ndi munthu. La bana Esinati ndinalisiya pa mpanda wawo m'mawa, osagogoda. Kunyumba kunatsala maungu asanu ndi nkhokwe yopanda kanthu.

Masana a tsiku lomwelo ndinali pakhonde pamene ndinaona bana Esinati akubwera ndi dengu pamutu. Sanakuwe monga amachitira. Anatula dengu patsogolo panga, n'kukhala pansi pa dothi.

"Ba elda, nabweza chimanga chanu."

"N'chanu. Ndi mzere wanu."

"Laini ni yanga, ee. Koma imwe mwanipatsa na chanu. Pa vitatu vilivonse nachotsa chimozi." Anandiyang'ana. "Kansi simuziba?"

"Sindidziwa chiyani?"

"Tsiku lija tinashanga mbewu, ine nenze kumbuyo kufotsera. Pa mugodi uliwonse, dzenje lililonse, amake Lute anali kuponya mbewu zitatu, na kukamba. Yoyamba, 'iyi ni ya uje,' mwine wa laini. Yachiwiri, 'iyi ni ya mbewa, nazonso zidye, zikasiya ni mwayi wa uje.' Yachitatu, 'iyi ni ya atate ake Lute.' Mugodi uliwonse, ba elda. Kuchoka kumwamba kufika kunsi. Ine n'nachita kulema nalo dzina lanu."

Ndinafunsa chabe kuti linali tsiku liti, ngakhale ndinkalidziwa.

"Pa Chinayi. Pamene munakamba vija ku tchalitchi panapita chabe masiku anayi. N'nawafunsa ati, imwe, munthu wakusebanyani so, kukuchititsani manyazi pagulu, mukali kumutchula? Anati, 'Ndiye afunika kwambiri. Mzere umodzi sungamukwane.'"

Apa bana Esinati anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"N'nati nizamuuza. Anakana. Ati, 'Musawauze, adzakalalikira.'"

Ndinatenga chitsononkho chimodzi m'dengumo. Chinali chaching'ono, njere zake zotalikirana. Ndinalira pamaso pa mayi wotcheza kachasu, ndipo iye anakhala pomwepo mpaka ndinamaliza.

Bana Esinati anayenda okha makomo onse aja kukafotokoza. Sabata isanathe anthu anabwera mmodzimmodzi, wina ndi lichero, wina ndi kathumba, ngakhale abusa. Sichinali chimanga chambiri. Koma pophatikiza ndi maungu ndi zimene Lute ankatumiza, chinandifikitsa pamene thandizo linayamba kufika. Sindinagone ndi njala.

Okutobala winanso

Munda wakumtunda ndinabwereketsa kwa ena. Ine ndimalima kamunda ka kuseri. Chaka choyamba ndinayesa kukumba choimirira, msana unakana. Ndinapeza thumba lija m'khitchini, lili ndi mabowo awiri pamene pankakhala maondo ake, ndipo kakhasu kanali pomwe anakasiya. Tsopano anthu opita kuchigayo amandiona nditagwada. Ena amaseka, ndipo sindiwaimba mlandu.

Kutchalitchi ndimapitabe, ndipo nthawi yanga ikafika ndimalalikira, koma mwachidule. Msonkhano wa m'mamawa ndimafika mochedwa, chifukwa ndimadzera kwa bambo wina wosaona amene ndimamunyamula pa kaliyala. Nkhani ya mbewu zitatu sindinaitengerepo pa guwa, ndipo sindidzatero. Nabanda anakana.

Maina ndimatchula, mzere ndi mzere. Wa kumunsi ukadali wa bana Esinati, amene sanasiye kachasu ndipo sanasiye kundikuwa. Pobzala ndimaponya yoyamba ya mwini mzere, yachiwiri ya mbewa. Yachitatu imandivuta. Munthu amene ali kale kwa Mulungu safunika kumupempherera chimanga. Ndimaigwira m'manja kanthawi, ndikuyang'ana kumtunda kwa dambo. Kenako ndimati, "Pepani, Nabanda," n'kuiponya, n'kukoka thumba kupita pa dzenje lina.